Kwa osula mipeni: kuchokera ku Moatize kukafika ku Zóbuè

Mayi wa ku Moatize akayanika ufa pamphasa m'mawa sapita kutali. Amakhala akuyang'ana kumene mphepo ikuchokera, chifukwa ikangotembenuka nkumaomba kuchokera kumigodi, ufa woyera uja pofika masana umakhala utatuwa ngati phulusa. Zovala pachingwe chimodzimodzi, madzi a m'ndowa yosavundikira chimodzimodzinso. Aliyense wa inu amene anapitako kukaona abale kapena kukagulitsa mbatata ndi tomato akudziwa kuti tauni imeneyi, imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera mumzinda wa Tete, inamangidwa pamwamba pa malasha.

Malashawa si a lero. A David Livingstone atafika ku Tete m'chaka cha 1856 anawaona ali poyera m'magombe a timitsinje tothira mu Revúbuè ndipo analemba za iwo. M'nthawi ya Apwitikizi kunakumbidwa migodi yolowa pansi, njanji yochokera ku Sena inafika mu 1949, ndipo dziko litalandira ufulu migodi ija inakhala m'manja mwa kampani ya boma ya Carbomoc. Koma fumbi lochuluka linabwera ndi mgodi wokumba poyera umene kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kutulutsamo malasha mu 2011, itasamutsa mabanja 1,365, ambiri mwa iwo kupita nawo ku Cateme ndi ku 25 de Setembro. M'mwezi wa Okotobala 2018 anthu okhala ku Bagamoyo, atatopa ndi fumbi, analowa mumgodi ndi kuimitsa makina. Mu 2022 mgodiwo unagulidwa ndi kampani ya Vulcan, ndipo mu 2024 madandaulo omwewo anamvekanso. Imeneyo ndi nkhani ya boma ndi eni migodi, ndipo munthu wamba payekha sangaithetse.

Komatu m'tauni momwemo muli fumbi lina limene silitchulidwa pawailesi, fumbi limene mwini wake amadzipangira ndi manja ake ndipo akhoza kulichepetsa lero lomwe atafuna. Kuti mulione, tsatirani kulira kwa nyundo kuseri kwa msika, kumene kuli owotcherera zitseko, okhoma zidebe ndi mbaula, ndiponso osula mipeni, zikwanje ndi nkhwangwa.

Ntchito ya wosula ku Moatize siisowa ogula. Chigawo cha Tete ndi chotchuka ndi mbuzi, ndipo wopha mbuzi aliyense amafuna mpeni wosendera umene sungabunthe asanamalize yachiwiri. Amayi ogulitsa nsomba za mu Zambezi amafuna wawo waung'ono, owotcha nyama pamsewu wawo wautali, alimi zikwanje. Chitsulo nachonso chilipo, pakuti malole odutsa m'tauniyi amathyola masipuling'i tsiku ndi tsiku, ndipo sipuling'i ya galimoto, imene Apwitikizi amati mola, ndi chitsulo chabwino zedi chosulira mpeni. Chimene chimasowa ndi malo.

Taonani chipala chimodzi cha kumeneko. Ndi kachipinda ka malata mbali zonse, kotalika mapazi ngati khumi, kokhala ndi chitseko chimodzi, kopanda zenera chifukwa choopa akuba. Moto uli kumapeto kwenikweni, pakona, kumene utsi ulibe potulukira. Chosulirapo chili pafupi ndi chitseko, pakuti ndi pamene pali kuwala, kotero kuti wosula akatulutsa chitsulo pamoto amayenda nacho, kulumpha mulu wa zitsulo zakale, kulambalala mnyamata wopukusa mvukuto, ndipo pofika pochimenya chayamba kale kuzizira. Amenya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, basi abwerera nacho kumoto. Makala akutha, tsiku likutha, mpeni umodzi sunathe. Gilayinda, kamakina ka magetsi konolera kaja, kali pakati pa chipindacho, osati chifukwa pamenepo ndi poyenera koma chifukwa waya wake ndi pamene analekezera. Pambali pake pali thabwa losemerapo zigumbu za mipeni ndi tizipalipali ta mtengo mbwee pansi, pambali pakenso botolo la oyilo, ndipo pamwamba pa zonsezi pali bakuli la nsima lomwe mwana wabweretsa kuchokera kunyumba.

Gilayinda ikalira, m'chipindamo mumachita mdima. Nthethe za moto zimathethekera patizipalipali tija ndi pabotolo la oyilo. Fumbi lolemera limagwa pansi, lopepuka limayandama, ndipo dzuwa likalowa pabowo la msomali padenga mumaona likuvina m'kuwalamo kwa nthawi yaitali makina atazimitsidwa kale. Madzulo wosulayo akamina, chotuluka ndi chakuda bii, ndipo iye amati ndi malasha a kumgodi. Mwina theka lake ndi loona. Theka linalo ndi dzimbiri, penti wakale wa pasipuling'i, chitsulo chenichenicho ndi mchenga wa chimbale cha gilayinda chimene chikutha pang'onopang'ono. Chimbale chimene anagula chachikulu sabata yatha lero chatsala ngati chivundikiro cha botolo. Nanga chinacho chinapita kuti?

Anthu a zaumoyo amati fumbi loopsa si limene maso amaona. Lalikulu limakodwa m'mphuno ndi pakhosi, munthu nkulitsokomola. Laling'onong'ono, losaoneka, ndi limene limatsika mpaka pansi pa mapapo ndi kukhazikika komweko, ndipo loipitsitsa pa onse ndi lochokera ku mwala ndi mchenga. Limeneli limachita zipsera m'mapapo zimene sizipola, munthu nkumapuma mobanika akangokwera kachitunda, ndipo chifuwa chachikulu chimamugwira msanga. M'midzi ya m'malire muno matendawa si achilendo. Akuluakulu amene anapita ku Joni pa Wenela kapena pa Theba, ambiri anabwera nawo m'chifuwa pamodzi ndi njinga ndi wailesi. Patapita zaka zambiri, mu 2019, khoti la ku South Africa linavomereza kuti makampani a migodi ya golide apereke chipepeso cha marandi 5 biliyoni kwa odwala matendawa, kuphatikizapo a ku Malawi ndi ku Mozambique, koma ambiri anali atagona kale kumanda.

Ndipo musaganize kuti ndi za m'migodi zokha. Ku Mangalande kuli mzinda wotchedwa Sheffield umene unatchuka padziko lonse chifukwa cha mipeni. Onola mipeni ndi mafoloko a kumeneko ankagwira ntchito atawerama pamiyala yozungulira m'zipinda zotsekeka. Buku lina la a Friedrich Engels la m'chaka cha 1845 linanena kuti amene ankanola pamwala wouma ambiri sankapyola zaka 35, pamene onola pamwala wonyowa ankafikako cha m'ma 45. Mzinda umodzi, ntchito imodzi, kusiyana kwake madzi basi.

Chapa yopita ku Zóbuè imanyamuka ikadzaza. Msewu wake, wa nambala 7, ndi womwewo umene malole ochokera ku Beira ndi ku Zimbabwe amadzera popita ku Blantyre, ndipo kuchokera ku Moatize ndi ulendo wa makilomita ngati 100. Poyamba dziko ndi lotentha, la malambe ndi mitengo ya tsanya, mbuzi zili m'mithunzi, matumba a makala ali ndandanda m'mphepete mwa msewu. Makala a tsanya ndi olemera ndipo sapsa msanga, nchifukwa chake osula amawakonda, ngakhale kuti aliyense akuona mmene nkhalango ikutheramu. Kwinaku kukudutsa sitima ya malasha, mabogi osawerengeka, panjanji imene inatsegulidwa mu 2017 yodzera ku Mwanza, Neno ndi Nkaya kukathera kudoko la Nacala. Mukapitirira Caphiridzange ndi mphambano ya Mussacama, pamene msewu wa ku Angónia umapatukira, galimoto imayamba kukwera, mpweya nkuzizira, malambe nkutsala m'mbuyo.

Dziko limene msewuwu ukudutsa ndi la osula kuyambira kalekale. Mpwitikizi wina dzina lake António Gamitto, amene ananyamuka ku Tete mu 1831 kupita kwa Kazembe, analemba za Amaravi a kumpoto kwa Zambezi kuti ankayenga okha chitsulo ndi kusula makasu ndi nkhwangwa zimene ankagulitsa. A Livingstone nawonso anaona ng'anjo, owotcha makala ndi osula m'midzi ya Amang'anja chakummawa kwake. Makasu ankagula mchere, nsalu ndi zina zotero. Ng'anjo inkamangidwa kutchire, kutali ndi nyumba, ndipo inali ndi miyambo yake yoletsa anthu wamba kuyandikira. Makolowo anali ndi zifukwa zawo zimene si za pano, koma chotsatira chake chinali chakuti utsi ndi fumbi sizinkafika pamene ana akusewera kapena pamene amayi akusinja. Ng'anjo zinazima pamene makasu a m'sitolo anachuluka, koma chipala sichinazime. Chinangosintha chakudya, kuchoka ku mwala wa chitsulo kupita ku zitsulo zotayidwa.

Akuluakulu akukumbukira bwino nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni, pamene magalimoto ankayenda mumsewu uno ali pamdipiti moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ndipo anthu a m'midzi yambiri anathawira ku Mwanza, Ntcheu ndi kwina. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okotobala 1992, anthu anabwerera kumabwinja opanda khasu, opanda nkhwangwa, koma m'mbali mwa msewu munali mabwinja a malole otenthedwa. Wosula anali munthu wofunika masiku amenewo kuposa wogulitsa m'sitolo.

Zóbuè ndi tauni ya pachipata. Phiri lili chapafupi, nyumba zakale za seminale ya Akatolika zilipo, malole ali pamzere kudikira zikalata, ndipo pamsika metikali ndi kwacha zimayendera limodzi monga momwe Chichewa ndi Chipwitikizi zimalowerana m'chiganizo chimodzi. Anthu a mbali ino ndi a mbali ya ku Mwanza ndi amodzi: amakwatirana, amalirana maliro, amagayitsa pachigayo chimodzi. Miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira, chiperoni chikabwera nkhungu nkuphimba phiri. Kunja kwa tauniyi malo ndi otambasuka, ndipo kumeneko, kumapeto kwa mudzi wina, kuli chipala chimene wosula wa ku Moatize uja akanachiona akanaphunzirapo kanthu.

Choyamba chimene mlendo amaona ndi pamene chili. Sichili pakhonde, sichili pafupi ndi khitchini kapena nkhokwe. Chili kuseri, mapazi makumi angapo kuchokera panyumba, mbali ya kumpoto chakumadzulo. Chifukwa chake ndi mphepo. M'chilimwe chonse, imene ili nthawi ya ntchito yambiri, mphepo ya mwera imaomba kuchokera kummwera chakummawa, choncho imayamba yadutsa panyumba kenaka nkufika pachipala, nkunyamula utsi kupita nawo kumunda. Mwini wake sanawerenge zimenezi m'buku. Asanazike nsanamira anakoleza moto wa zinyalala pamalopo masiku angapo nkumaona kumene utsi ukulowera.

Chisakasa chake ndi cha malata pamwamba pokha, denga lalitali, lokwera mbali imodzi kuti utsi uzitsetsereka nkutuluka. Khoma lilipo mbali ziwiri zokha, la njerwa, lofika m'chiuno. Limeneli limatchinga mphepo kuti isamwaze moto, komanso limapereka mthunzi, ndipo mthunziwo ndi chida monga nyundo. Wosula amadziwa kutentha kwa chitsulo poona mtundu wake, ndipo padzuwa lowala chitsulo chimene chapsa kale chimaoneka ngati sichinafiire. Ambiri amapsereza mipeni chifukwa chosulira poyera masana. Koma mthunzi ndi wosiyana ndi kudzitsekera. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wosanunkha umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba nthawi yozizira, ndipo wosula amene amaweruka mutu ukuwawa tsiku lililonse ayenera kukayikira mpweya womwewo asanayambe kukayikira anansi.

M'kati, zinthu zitatu zaikidwa ngati mafuwa: moto, chosulirapo, ndi chitini cha oyilo pamodzi ndi ndowa ya madzi. Wosula amaima pakati pa mafuwawo ndipo sayenda. Atembenukira kumanzere, wapana chitsulo ndi mbaniro. Atembenukira kutsogolo, chili kale pachosulirapo chikadali chofiira. Ikafika nthawi yolimbitsa, phazi limodzi kumanja, chalowa mu oyilo. Chosulirapocho ndi chitsulo cholemera cha lole yakale chokhomeredwa pachitsa chozikidwa pansi, ndipo kutalika kwake kunayezedwa ndi thupi la mwini wake: ataimirira, atakunga chibakera, mkono uli pansi, chibakeracho chimakhudza pamwamba pake. Chikatsika kuposa apo msana umapweteka, chikakwera phewa limatopa. Nyundo, mbaniro ndi chodulira zapachikidwa pamisomali kuzungulira chitsacho, chilichonse pamsomali wake, pakuti chitsulo chofiira sichidikira munthu wofunafuna nyundo m'phulusa.

Mvukuto wa chikopa cha mbuzi unasiyidwa kale. M'malo mwake pali gudumu la njinga lopukusa ndi dzanja, lamba wa mphira, kachipupizira ka malata, ndi paipi yodutsa pansi pakhoma kukafika pamoto. Nzeru ili pa paipiyo: ndi yaitali, kotero kuti mnyamata wopukusa, amene ndi mwana wa mlongo wake wa wosulayo, amakhala kunja kwa khoma, mbali yochokera mphepo, osati pamwamba pa utsi. Amalume ake akafuna moto wambiri amangoti, "Iwe, limbikira!" ndipo iye amayankha ndi gudumu. M'zipala zambiri amene amameza utsi wochuluka ndi mwana wotereyu, amene mapapo ake sanakhwime ndipo sangawiringule.

Pa za moto pali mfundo ina yokhudza a ku Moatize makamaka, kumene ena amasulira malasha m'malo mwa makala. Malasha a kumeneko ndi a mtundu umene mafakitale a zitsulo a kunja amaufuna, ndipo amatentha kwabasi. Koma aawisi amafuka utsi wachikasu wonunkha ngati mazira ovunda, umene umatsamwitsa munthu ndi kuononga chitsulo. Odziwa amawaika m'mbali mwa moto, nkuwawaza timadzi, kuti ayambe afuka utsi wawo wonse. Akauma nkukhala opepuka ngati chinkhupule ndi pamene amawakankhira pakati. Ndipo chitsulo chonyezimira chotuwa chija, cha mapaipi a madzi ndi malata, chisalowe pamoto. Utsi wake woyera umabweretsa kuphwanya m'thupi ndi kunjenjemera usiku, munthu nkumamwa mankhwala a malungo pachabe.

Kulimbitsa mpeni ndi pamene wosula weniweni amadziwikira. Mpeni ukasulidwa amautenthetsa mofanana mpaka ufiire ngati tomato wakupsa, nkuugunditsa pamaginito wa m'sipika ya wailesi yakale amene wapachikidwa pansanamira. Chitsulo chikafika pamadigiri pafupifupi 770 maginito amasiya kuchigwira, ndipo pamenepo, chikangowonjezera kutentha pang'ono, chimalowa mu oyilo, nsonga kutsogolo. Sipuling'i ikaviikidwa m'madzi ozizira kawirikawiri imang'aluka. Chikatuluka mu oyilo chimakhala cholimba koma chosachedwa kusweka ngati botolo, ndiye amachipala kuti chiyere nkuchiwamba pang'onopang'ono, msana wa mpeni uli kumoto, mpaka kukamwa kwake kuoneke mtundu wa udzu wouma. Chikafika pobiriwira ngati thambo ndiye kuti kwa mpeni chapitirira. Chitini cha oyilo chili ndi chivundikiro chachitsulo pambali, chifukwa oyilo amayaka, ndipo wothira madzi pa oyilo woyaka amaotcha chisakasa chonse. Ambiri amagwiritsa ntchito oyilo wakuda wotsitsidwa m'galimoto poti sagula, koma utsi wake ndi woipa. Mafuta ophikira otsala kwa okazinga tchipisi amagwira ntchito yomweyo, ndipo pa Zóbuè sasowa.

Tsopano tulukani m'chisakasamo mutsate mphepo. Mapazi khumi kutsogolo, pansi pa mtengo wa mango, ndi pamene pali ponolera. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mwala wonolera ndi wozungulira, wopukusa ndi tcheni cha njinga, ndipo kumunsi kwake kwamira m'theka la tayala lodzaza madzi. Mwala ukamazungulira umanyamula madziwo, ndipo chimene chikanakhala fumbi chimasanduka matope otuwa otsikira m'tayalamo. Madzulo matopewo amakawathira m'dzenje nkukwirira asanaume, chifukwa akauma abwereranso kukhala fumbi. Madziwo alinso ndi ntchito yachiwiri. Gilayinda yaing'ono imazungulira maulendo oposa 10,000 pamphindi imodzi, ndipo ikakhudza kukamwa kopyapyala kwa mpeni kumatentha nkubiriwira nthawi yomweyo, kulimba konse kumene wosula anavutikira pamoto nkuthera pomwepo. Mpeni wotero umanyezimira bwino pamsika, koma ukafika kunyumba umafuna kunola tsiku lililonse.

Tsono wina anena kuti zimenezo ndi za kumudzi, kumene nthawi ndi yambiri, ndipo akunena zoona. Mwala wamadzi ndi wochedwa. Pamsika pali mipeni ya m'fakitale yochokera kunja, yotsika mtengo, ndipo wosula wa m'tauni amene amalipira lendi ndi kugula magetsi a Credelec sangakhale tsiku lonse pampeni umodzi. Kumuuza kuti ataye gilayinda ndi kumuuza kuti ana ake agone ndi njala. Koma pakati pa kutaya ndi kuilizira m'chipinda chotseka pali njira zambiri. Wosula wa ku Zóbuè uja nayenso ali nayo gilayinda, imene amagwiritsa ntchito kudula sipuling'i ndi kuchotsa makoko akuda mpeni usanalimbitsidwe. Anagula waya wautali kuti makinawo azilirira panja. Amaima mphepo ikumuomba chakumbuyo cham'mbali, nthethe zikuloza pansi m'beseni la madzi, chotchinga cha chimbale chili m'malo mwake, magalasi ali m'maso. Ndipo amamenya mpeni ndi nyundo mpaka utatsala pang'ono kutha, kuti chonola chikhale chochepa. Chitsulo chimene nyundo yasuntha chimakhala pampeni, chimene gilayinda yadya chimapita mumlengalenga.

Za chophimba kumphuno, mliri wa Covid wa 2020 unatiphunzitsa tonse kuvala, koma si chilichonse chimene chimatchinga fumbi losaoneka lija. Mpango kapena kansalu ka chitenje zimangogwira lalikulu. Zoyenera ndi zolembedwa FFP2 kapena N95, zimene zimapezeka m'masitolo a zipangizo zomangira ku Tete ndi ku Blantyre, ndipo ziyenera kugwira nkhope bwino, osasiya mpata m'mbali mwa mphuno. Wa ndevu zambiri sizimukhala. Kutentha kwa ku Moatize mu Okotobala kumachititsa ambiri kuzitsitsira pachibwano, nchifukwa chake kudalira chophimba chokha ndi kudzinamiza. Chophimba chimaiwalika, pamene makina amene anaikidwa panja amakhala ali panjapo. Enanso amakhulupirira kuti kumwa mkaka madzulo kumatsuka fumbi. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma umapita m'mimba, fumbi lili m'mapapo.

Malo achitatu ndi a zigumbu, ndipo ali kutali ndi moto ndi ponolera pomwe. Pali benchi, chopanira, sompho, tupa ndi misomali yokhomera. Mitengo yake ndi mlombwa, kapena phingo akapezeka. Utuchi wa phingo umayabwa pakhungu ndi m'mphuno kwa anthu ena, choncho amapala ndi mpeni kapena chidutswa cha botolo, zimene zimatulutsa tizipalipali m'malo mwa fumbi. Kulekanitsa mtengo ndi moto nkosafuna kufotokoza, komabe zisakasa zimapsa chaka ndi chaka ndi nthethe imodzi imene inagona mu utuchi masana nkudzuka usiku anthu ali m'tulo. Kuchokera pabenchipo mpeni womalizidwa umapakidwa timafuta nkupita pathandala la kutsogolo, kumsewu, kumene wogula amaima. Chotero chitsulo chimalowera kuseri, kumene kuli mulu wa masipuling'i ndi matumba a makala, nkudutsa pamoto, ponolera, pazigumbu, nkutulukira kumaso, osabwerera m'mbuyo. Wogula, amene nthawi zambiri ndi mayi wobereka mwana kumsana, safika kumene kuli nthethe.

Zotsalazo ndi zazing'ono, zimene mayi wa pakhomopo ndi amene amazikumbutsa. Pansi amawaza madzi asanasese, chifukwa tsache louma limangodzutsa zimene zinagona. Malaya ogwirira ntchito amatsala pamsomali m'chisakasa ndipo amachapidwa paokha, osalowa m'nyumba mmene mwana wakhanda akugona. Nsima imadyedwa pakhonde, m'manja ndi kumaso mutasambidwa. Akuluakulu anati sunga khosi mkanda uoneke, ndipo wosula amene watsokomola kupitirira masabata awiri, kapena akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, apite kuchipatala akayezetse makhololo. Mankhwala a chifuwa chachikulu m'zipatala za boma ndi aulere, ku Mozambique ngakhalenso ku Malawi. Akafika auze adotolo ntchito imene amagwira ndi zaka zimene waigwira, pakuti zimenezo zimawathandiza kudziwa chofunafuna.

Nanga wa ku Moatize uja, wa kachipinda ka mapazi khumi, angatani? Munda wa mango alibe, koma akhoza kuchotsa lata limodzi pamwamba pa khoma la kumoto nkuikapo nthambo zachitsulo zotchinga akuba, zimene mnzake wowotcherera angamupangire posinthana ndi chikwanje. Akhoza kukokera chosulirapo pafupi ndi moto, mulu wa zitsulo nkuutulutsa. Waya wa mamita khumi ndi beseni lakale zikhoza kutulutsa gilayinda kupita kuseri, malinga ngati kuseriko sikukuloza kwa mayi wogulitsa mandasi. Apa mpofunika kuti osula, owotcherera ndi okhoma zidebe a mzere umodzi akhale pansi pamodzi ndi akuluakulu a msika, agwirizane malo amodzi onolerapo kumapeto kwa mzere, mbali yopita mphepo. Onsewa amapuma mpweya umodzi, ndipo onse ali kale ndi fumbi la kumgodi m'chifuwa asanaonjezepo lawolawo.

Tsiku la msika pa Zóbuè mipeni imayalidwa pachiguduli pakati pa ogulitsa kabichi ndi mbatata za ku Angónia ndi ogulitsa zitenje. Wogula wodziwa safunsa mtengo poyamba. Amatenga mpeni, nkuugogoda ndi chikhadabo kuti amve kulira kwake, nkuyang'ana kukamwa ngati kuli mawanga obiriwira, kenaka nkupempha tupa. Tupa ikaterereka osaluma kwenikweni, mpeniwo ndi wolimba, ikadya ngati ikupala chinangwa, amaubweza pachiguduli mwaulemu nkunena kuti, "Zikomo bambo, ndidutsanso." Wina wochokera ku Mwanza amatenga isanu nthawi imodzi, amalipira theka makwacha theka mametikali, nkuikulunga m'nyuzi yakale, kuimanga ndi mphira pakaliyala ya njinga, nkuyamba kutsetsereka kulowera kuchipata.